Jombo za Anthu a ku Miyala

"Ndati upite kuchipatala akakujambule pachifuwa. Kodi ndikulankhula ndi khoma?"

Mwana wanga anali pakhonde akumasula zingwe za jombo, fumbi loyera likuyoyoka m'tsitsi mwake. Ankagwira ntchito pa kampani yophwanya miyala kuseri kwa phiri, ndipo madzulo alionse ankabwera ali mbuu, m'maso mokha ndimo munkaoneka kuti ndi munthu. Anzake ankamutcha Phulusa.

"Apongozi, mwayambanso," anatero mkazi wake akutuluka ndi jagi ya madzi. "Munthu wangofika kumene. Muloleni amwe kaye."

"Madziwo ndiye akumupusitsa. Kumwa, kumwa, ngati chule. Chifuwa chatha?"

"Chikuchepa."

"Chikuchepa kwa inu ogona tulo tofa nato. Khoma la chipinda changa ndi lomwelo lanu. Ndimamva zonse."

"Zonse, bambo?" anatero mwana wanga. Anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa, mpaka anagwira mzati wa khonde. Titadikira kuti chimuleke anati, "Alangizi a kuntchito ananena kuti munthu akasiya fodya thupi limayamba ladziyeretsa. Chifuwa chimakula kaye, kenako chimatha."

"Fodya wako uti? Kandudu ka pa Loweruka kaja? Ine ndasuta moyo wanga wonse, phiri ili ndimakwerabe."

"Ndiye mukufuna ndikajambulitse kuti zinditani? Mnzanga woyendetsa thirakitala uja anakajambulitsa, n'kubweretsa chithunzi kwa bwana. Anamuuza kuti akapume kunyumba. Akupumabe. Inu mudyetsa nyumba ino ndi zidendene za nsapato?"

Ine ndimasoka nsapato. Benchi langa lili pakhonde lomwelo, moyang'ana msewu wa ku miyala. Amuna onse a kumeneko jombo zawo zimadutsa m'manja mwanga, ndipo fumbi lija limalowa m'misoko moti ngakhale uchape silichoka. Pali jombo zina zimene zimabwera ndi akazi. Mkazi amafika atazikulunga m'nsalu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Muzikonze, mwina wina angazigule." Zoterozo ndimaziika pansi pa benchi. Chaka chino pansi pa benchi panadzaza.

Amuna atachuluka kutsokomola, kampani sinagule zophimba kumphuno, sinathire madzi pa makina. Inayamba kulemba ntchito alangizi a zaumoyo. Amene tinkamudziwa ife anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza, wa mawu ofewa, woyenda ndi botolo la madzi kulikonse. Ankakhala ndi amuna mu shedi nthawi ya nkhomaliro, masiku ena n'kumayendera m'makomo. Chifukwa cha mawu amene ankakonda, anthu anamutcha Mayi Tsinzinani.

Kwathu anabwera Lamlungu masana. Apongozi anga, mkazi wa mwana wangayo, anasesa mpaka pansi pa benchi langa, n'kuphimba jombo zija ndi thumba. Pazenera anaika botolo lagalasi limene mlangiziyo anawaphunzitsa: tsiku lililonse limene mwana wanga sanasute, ankaponyamo kamwala. Timiyalato ankatitola kuntchito komweko. Dzuwa likawomba pazenera tinkanyezimira ngati shuga.

"Mwachita bwino kwambiri," anatero Mayi Tsinzinani atanyamula botololo. "Ndani wachita zimenezi? Ine?"

"Ine," anatero mwana wanga akumwetulira ngati mwana wa sukulu.

"Inuyo. Ine sindinakuuzeni chochita. Tsopano tsinzinani. Nonse. Agogo, inunso."

"Ine ndikatsinzina ndimadzibaya ndi singano."

"Palibe kanthu. Ena tsinzinani. Pumani pang'onopang'ono. Zaka zapita, zambiri ndithu. Kwacha bwino. Muli kuti? Mukuona chiyani?"

Kunja kunali zii. Ngakhale Lamlungu fumbi silichoka m'mlengalenga kuno, limangoyandama pamwamba pa madenga, dzuwa n'kumaoneka ngati mwezi. Mwana wanga anayankhula ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, ngati akuchokera pansi pa madzi.

"Ndikuona msewu wautali wa mitengo mbali zonse. Mwana wathu wakula, wavala yunifolomu ya ku sekondale. Akupita kukayamba sukulu yogonera komweko. Ine ndasenza sutikesi yake pamutu. Akundiuza kuti, ababa tsitsani, anzanga andiseka. Ine ndikukana."

"Sutikesiyo ndi yamtundu wanji?"

"Yobiriwira. Ili ndi loko wamng'ono."

"Mukupuma bwanji?"

"Bwinobwino. Mpweya ukulowa mpaka m'mimba. Ukuzizira."

Apongozi misozi inali kutsika ali chitsinzinire. Mdzukulu wanga, mwini sutikesiyo, anali kuseri kwa nyumba akusewera ndi zitini, mano akutsogolo asanamere n'komwe.

Sindikudziwa kuti maso anga anatsekeka nthawi yanji. Mwina ndi mawu a mtsikanayo, mwina ndi kutentha. Ndinaona msewu wathu womwewu m'mawa, nkhungu yoyera ili ponseponse. Jombo zinkatuluka pansi pa benchi langa ziwiriziwiri, n'kufola mumsewu, zingwe zikukwekwereka. Zinkapita kuntchito zokha, mopanda phokoso, mopanda anthu. Ndinkazidziwa zonse, iyi ndinaisoka chidendene, iyi ndinaiika chigamba. Pambuyo penipeni pankabwera ziwiri za zingwe zofiira, zimene ndinagulira mwana wanga ndekha.

"Agogo, nanga inu mwaona chiyani?"

"Fumbi," ndinatero. "Mayi, mwana uyu sakudwala fodya. Inu simukuliona fumbi? Lili pa nsidze zanu pomwe."

Anadzipukuta pankhope ndi chala, n'kuyang'ana chalacho kanthawi.

"Agogo, pali zinthu zimene zili m'manja mwathu, pali zina zimene sizili m'manja mwathu. Ife timayamba ndi zimene zili m'manja mwathu."

"Makina aja ali m'manja mwa ndani?"

"Tiyeni tisamuchotsere mphamvu. Wayamba bwino."

"Akulipirani ndani, mayi?"

"Apongozi, chonde," anatero mkazi wa mwana wanga. "Mlendo."

Atachoka, nyumba inanditembenukira. Apongozi anati mlangizi anawaphunzitsa kale kuti munthu amene akusintha moyo wake azitalikirana ndi anthu ogwetsa ulesi. Sananditchule dzina, koma kuyambira tsikulo tiyi wanga ankandipeza pa benchi, iwo akumwera m'nyumba. Ndikatsegula pakamwa, mwana wanga ankanyamuka n'kukaponya maso pa botolo lake.

Mlangizi anamupatsanso china: m'mawa uliwonse asanapite kuntchito aziyenda mpaka pamwamba pa chitunda n'kubwerera. Anati asayambe ndi zazikulu, angoika nsapato zoyendera pakhomo madzulo, kuti akadzuka zizimuitana zokha. Zinkamuitanadi. Kukangoyera ndinkamva chitseko, ndipo ankabwera patapita nthawi, mkazi wake n'kumuombera m'manja.

Tsiku lina ndinamutsatira. Nkhungu ndi fumbi zinali zitasakanikirana, mitengo ikuoneka ngati anthu oima m'madzi. Anayenda bwino mpaka pokhota msewu, pamene nyumba yathu sionekanso. Pamenepo pali mtengo waukulu. Anaukumbatira ngati m'bale wake, kenako anatsetsereka n'kukhala pamizu, pakamwa pali yasa, mapewa akukwera ndi kutsika. Chitunda chinali chisanayambe n'komwe. Anakhala pamenepo mpaka nthawi yokwanira munthu kukwera ndi kutsika, n'kudzuka kuti azibwerera. Ndiye anandiona.

"Uku ndiye kuyenda kwako?" ndinatero. "Ukunamiza mkazi wako, ukunamiza kamtsikana kaja, ukudzinamiza wekha. Ufa iwe. Ukundimva? Ufa ngati anzako aja."

"Mwatha?"

"Sindinathe. Lero lomwe lino upite kuchipatala."

"Bambo, inu chiyambire simunanenepo kuti ndachita bwino pa chilichonse. Munthu mmodzi yekha wandiuza, ndiye mukufuna mumuthamangitse."

Anandidutsa. Madzulo ake anabwera ndi nkhani, ndipo anaiuza mkazi wake mokweza kuti ine ndimve. Lachisanu kukubwera alendo akuluakulu kudzaona mmene kampani ikusamalira antchito. Iye ndiye wasankhidwa kukhala chitsanzo. Adzamuveka malaya atsopano a kampani, adzaima kutsogolo ndi botolo lake, n'kunena ndi pakamwa pake kuti chifuwa chake chinali cha fodya, ndipo tsopano akuchira.

"Ndi pakamwa pako," ndinatero.

"Eya. Alangizi amati mawu a mwini ndiwo ali ndi mphamvu."

"Bwana wakonso akudziwa zimenezo."

Ndinangomva kamwala kakugwera m'botolo.

Lachitatu masana, nyumba ili yokha, ndinaona Mayi Tsinzinani akubwera motsimphina, nsapato imodzi ili m'manja. Lamba anali ataduka. Anaima patali pang'ono ngati akuopa galu.

"Agogo, mungandithandize? Kapena ndine mdani?"

"Nsapato ilibe mlandu. Khalani apo."

Anakhala pa chitini chimene makasitomala amakhalira. Ndinatenga timisomali n'kutiika pamilomo, monga timachitira osoka nsapato kuti manja akhale omasuka. Mphepo inakankha thumba lija, jombo zinaonekera. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Zonsezi eni ake sanabwere kudzatenga?"

Ndinapukusa mutu. Ndi misomali pakamwa munthu sungayankhule. Iye anadikira, ine ndikukhoma. Kenako anayamba yekha, maso ali pa jombo.

"Tsiku limene anandilemba ntchito anandiuza zokamba. Fodya, mowa, madzi, kuyenda, kugona bwino. Ndinafunsa za fumbi. Anati zimenezo ndi za mainjiniya, inu kambani za khalidwe. Mnzanga amene analipo ine ndisanabwere anauza amuna awiri kuti akajambulitse. Sanamalize mwezi." Anatsokomola pang'ono, n'kumwa madzi a m'botolo lake. "Ndikawauza kuti atsinzine, amaona zinthu zokongola, agogo. Wina amaona ng'ombe, wina nyumba ya malata, wina ukwati wa mwana wake. Ndikabwerera kwathu zinthuzo zimanditsatira. Ndimangoona ng'ombe zikuyenda m'fumbi."

Ndinalavulira misomali m'dzanja.

"Ndiye mwabwera kuti ndikumvereni chisoni?"

"Ayi. Ndabwera ndi nsapato."

"Muuzeni mwana wanga apite kuchipatala. Inu amakumverani."

"Samvera ine. Sindinamuuzepo kanthu. Ndimangofunsa, iye n'kudziyankha, ndiye amamvera yankho lakelo. Ntchito yonse ndi imeneyo. Koma pali funso limene ine sindiloledwa kufunsa." Anandiyang'ana. "Inu palibe anakulembani ntchito."

"Ndamuuza mpaka kummero kwauma."

"Mwamuuza. Munamufunsapo?"

"Kufunsa chiyani, poti yankho ndikulidziwa?"

"Iyenso akulidziwa. Koma mukamalinena inu, iye amakhala wotanganidwa kukutsutsani. Mufunseni za sutikesi ija. Mukafunsa, tsekani pakamwa. Adzakhala chete nthawi yaitali, inu mudzamva ngati mukupsa. Musathandize. Musamalizitse mawu ake."

"Ndiye mukufuna manja anu akhale oyera, ntchito yanu ikhalepo, nkhalamba ikugwirireni zovutazo."

"Eya," anatero. Anavala nsapato yake, anaiponda kawiri, n'kumapita. Ndinamuyang'ana mpaka fumbi linamumeza. Mpaka lero sindidziwa ngati lamba uja anaduka yekha. Podukapo panali posalala kwambiri.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu yambiri. Malaya a kampani anali atasitidwa, ali pampando. Ndinamva chitseko, ndinadikira pang'ono, kenako ndinatapa timisomali pa benchi n'kumutsatira.

Ndinamupeza pamizu ya mtengo uja. Atandiona anatembenuzira nkhope kumbali.

"Lero ayi, bambo. Chonde."

"Sindinabwere kudzakangana. Sendera."

Ndinakhala pambali pake. Mizu inali yonyowa. Kutali makina anali atayamba kulira, koma m'nkhungu phokoso lake linkamveka lofewa, ngati mtsinje. Ndinamva mpweya wake ukulowa movutikira, ukulira ngati chitseko chakale.

"Botolo lija wachita bwino," ndinatero. Mawuwo anatuluka ngati ndikuzula dzino. "Ine sindikanatha."

Anandiyang'ana mokayika.

"Tsinzina."

"Bambo, mukundiseka?"

"Tsinzina, iwe. Kwa mlendo umatsinzina, kwa bambo ako ukuopa chiyani? Ndikubera nsapato?"

Anaseka pang'ono, anatsokomola, kenako anatseka maso.

"Msewu wa mitengo uja ukuuona?"

"Ndikuuona."

"Mwana ali pomwepo?"

"Ali pomwepo. Watalika. Wafanana ndi amake."

"Sutikesi yobiriwira?"

"Ilipo."

"Uyang'ane bwino, usafulumire. Waisenza ndani?"

Nditangofunsa ndinaponya timisomali pamilomo, n'kutiluma.

Anakhala chete. Nkhungu inkadutsa pakati pa ife ndi msewu. Dontho linagwa kuchokera m'masamba n'kutera pa bondo lake, linatsetsereka, linagwanso lina. Mawu anadzaza m'kamwa mwanga, onse aja a masiku onse: ufa iwe, pita kuchipatala, ndinakuuza. Ankakankha misomali kuchokera mkati. Ndinaluma mpaka ndinamva kukoma kwa chitsulo. Munthu wa njinga anadutsa, anatipatsa moni, palibe anamuyankha. Kutali belu la kampani linalira, loitana antchito.

Zikope zake zinkanjenjemera.

"Sindikudziona," anatero pomaliza. "Masiku onsewa ndimadziikapo dala. Ndikangosiya, ndimachoka." Anapuma. "Mwasenza ndinu, bambo. Mwakalamba kwambiri. Sutikesi ikukupindani khosi. Amake ali pambuyo, avala jombo zanga."

Ndinaluma misomali.

"Mwana akutembenukatembenuka. Akuyang'ana kumbuyo kwa msewu. Kulibe munthu, kuli fumbi lokha."

Anatsegula maso. Anali ofiira, koma ouma. Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndinene, ndipo ine ndinayang'ana nyerere imene inkakwera pa nsapato yanga.

"Ndikakajambulitsa andichotsa ntchito."

Nyerere inafika pa chingwe.

"Ndikapanda kujambulitsa andichotsabe. Mochedwerapo. Atandinyamula." Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Akazi anga adzabwera kwa inu ndi kansalu. Mudzaziika pansi pa benchi?"

Msomali umodzi unandibaya mlomo. Sindinasunthe.

"Bambo, nenani kanthu."

Ndinapukusa mutu, n'kumulozera pakamwa panga. Anayang'anitsitsa, anaona timitu ta misomali tili ndandanda, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, anagwira mtengo, misozi tsopano ikutsika.

"Nkhalamba iyi," anatero. "Mwadzikhoma pakamwa."

Anaimirira pang'onopang'ono. Pokhota paja msewu umagawikana, wina wopita ku miyala, wina wotsikira kokwerera basi. Anaima pakati kanthawi, manja ali m'chiuno.

"Tiyeni," anatero akuloza kokwerera basi. "Koma muziyenda pang'onopang'ono. Ine si mnyamata ngati inu."

Kuchipatala tinakhala pa mzere mpaka dzuwa linapendeka. Dokotala anaika chithunzi pa galasi lowala. Ndinali ndisanaonepo mkati mwa mwana wanga. Nthiti zake zinali ngati nthambi, ndipo pakati pake panali nkhungu yomwe ija ya m'mawa, yoyera, ili phee. Dokotala anafunsa kumene amagwira ntchito, ndipo atamva sanadabwe. Anati zimene zalowa sizituluka. Koma anati mbali ina ya mapapo ikadali yabwino, ndipo akachoka m'fumbi tsopano, yotsalayo ingamuyendetse zaka zambiri.

"Mpaka mwana afike ku sekondale?" anafunsa mwana wanga.

"Ali ndi zaka zingati?"

"Mano akutsogolo sanamere."

Dokotala anayang'ananso chithunzi. "Sindilonjeza. Koma mukabwerera m'fumbi muja, ndiye ndingalonjeze kuti simudzafikako."

Titafika kunyumba tinapeza malaya palibe pampando. Kapitawo anatuma munthu kudzawatenga, pamodzi ndi botolo la timiyala. Tinamva kuti anaveka mwamuna wina wa msinkhu womwewo, anamugwiritsa botolo la mwana wanga, ndipo alendo anaomba m'manja. Bwana anauza mwana wanga kuti akapume kunyumba. Mwezi usanathe Mayi Tsinzinani anasiya kuoneka mumsewu wathu. Kunabwera mnyamata wa tayi, nayenso akuti amauza anthu kuti atsinzine.

Apongozi sanandilankhule masiku angapo. Ankangoyang'ana thumba la ufa, kenako n'kuyang'ana ine. Sindiwaimba mlandu. Koma m'mawa wina tiyi wanga sanabwere pa benchi. Anaima pakhomo n'kunena, osandiyang'ana, "Apongozi, tiyi akuzizira m'nyumba muno."

Tsiku lomwelo masana mwana wanga anatuluka ndi jombo zake za zingwe zofiira. Anaziombanitsa, kafumbi koyera kanakwera n'kuyandama padzuwa pakati pa ife awiri. Anadikira kuti kapite, kenako anaziika pa benchi.

"Muzikonze," anatero. "Mwina wina angazigule."

Ndinazitembenuza m'manja. Pa jombo zonse zimene zinasiya ntchito ku miyala, izi zinali zoyamba kubwera ndi mwini wake.

"Sindigulitsa," ndinatero. "Wogula akalowa nazo komwe kuja. Khala apa. Tenga nyundo iyo. Misomali umaika pamilomo, chonchi."